MASIKU 36 A KALATA YA KU ULAYA NDI MIKANGO YA KWA MLILO

M'mwezi wa Seputembala caka ca 1907, mkulu woyang'anira mapositi ndi malamya ku Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata, anatulutsa cidziwitso cimene anthu okonda mbiri yakale amacikumbukira kufikira lero. Cidziwitsoco cinanena kuti amtengatenga onyamula makalata ocokera ku Ulaya ndi ku maiko a kumwera, amene anayenera kufika pa Boma pa 8 Seputembala, anakumana ndi mikango kufupi ndi mudzi wa Mlilo m'dera la Petauke. Amunawo anataya ena mwa matumba awo nathawira m'mudzi kuti apulumutse moyo. Mikango inatsala ikung'amba matumbawo, kotero kuti makalata ena anaonongeka pang'ono, pamene ena anaonongekeratu.

Ambiri akamva nkhaniyi amaseka, popeza sikawirikawiri kumva kuti cirombo cadya mapepala. Koma m'cidziwitso comweco muli cinthu cina cofunika kuciganizira. Makalata a ku Ulaya amene anali m'matumbamo ananyamuka pa doko la Southampton ku England pa 3 Ogasiti. Kucokera pa 3 Ogasiti kufika pa 8 Seputembala ndi masiku 36, ndipo amenewo anali masiku a ulendo wopanda covuta ciriconse. Tsono tiyeni, awerengi, tiitsate kalata ya masiku amenewo kucokera kutsidya kwa nyanja kufikira kwathu kuno, tione kumene inali kucedwera, ndiponso tione amene anali kusenza colemetsa ca kucedwako.

Boma lokhala kutali ndi nyanja

Angoni a Mfumu Mpezeni atagonjetsedwa pa nkhondo ya mu 1898, kampani ya Cecil Rhodes yochedwa British South Africa Company inakhazika likulu lake pa Fort Jameson mu 1899. Dziko lonse la kum'mawa ndi kumpoto linachedwa North-Eastern Rhodesia, ndipo wolamulira wake anali Robert Codrington. Petauke inali imodzi ya maboma ake, ndipo dera la Nyimba linali pansi pa Petauke. Boma lakale la Petauke silinali pamalo pamene tauni ili lero, koma kumunsi cakufupi ndi mtsinje wa Luangwa.

Eni ake a kampaniyo anali ku London. Malamulo, mabuku a ndalama, malipoti a msonkho ndi makalata a nchito zonse zinayenera kuoloka nyanja popita ndi pobwera. Komatu dziko lathu liribe gombe la nyanja ya mcere, ndipo pa nthawiyo linalibe njanji kapena msewu wa galimoto. Waya wa lamya unafika pa Fort Jameson mu 1899 kucokera ku Domira Bay m'mbali mwa nyanja ya Malawi, koma lamya inali yolipira liwu lirilonse, motero inali ya mau ocepa ndi ofulumira okha. Waya sukanatha kunyamula pepala, nyuzipepala, buku kapena phukusi la mankhwala. Zonsezi zinali kudikira sitima ya pamadzi yoyendera nthunzi.

Njira yoyamba: doko la Chinde

M'zaka zoyamba, khomo la maiko a Nyasaland ndi North-Eastern Rhodesia linali Chinde, kadoko ka m'dziko la Mozambique pamalo pamene nthambi imodzi ya mtsinje wa Zambezi ithira m'nyanja ya mcere. Mwa pangano la mu 1891, Apwitikizi anabwereketsa Angerezi kamalo pa Chinde kuti azitsitsirapo katundu ndi makalata popanda msonkho wa Apwitikizi. Sitima zina zinali kufika kumeneko kucokera kumwera, zitazungulira ku Cape Town ndi Durban. Zina, makamaka za kampani ya Ajeremani ya German East Africa Line imene inayamba mu 1890, zinali kudzera ku ngalande ya Suez, ndi kuima pa Aden, Zanzibar ndi madoko ena ambiri. Kuima kulikonse kunali kudya nthawi, popeza sitima inayenera kutsitsa katundu, kukweza wina ndi kutenga malasha.

Vuto lalikulu la Chinde linali mcenga. Mtsinje wa Zambezi umakokolola mcenga wambiri ndi kuuunjika pamathiriro ake, kotero kuti sitima zazikulu za panyanja sizinali kutha kulowa. Zinali kuima kutali pakati pa mafunde, ndipo kasitima kakang'ono ndiko kanali kupita kukatenga anthu ndi matumba. Anthu apaulendo anali kulowetsedwa m'dengu lalikulu ndi kutsitsidwa ndi cingwe monga katundu. Nyanja ikakalipa, nchito yonseyo inali kuima kufikira mafunde atagona.

Thumba likafika pamtunda, linali kukwezedwa m'sitima ya mumtsinje, yosalowa kwambiri m'madzi, yopalasa ndi gudumu lalikulu lakumbuyo. Zambiri mwa sitimazi zinali za kampani ya African Lakes, imene anthu anaizolowera ndi dzina lakuti Mandala. Moto wake unali wa nkhuni, motero zinali kuima m'malo oikika kuti zitole mitolo ya nkhuni imene anthu a m'mbali mwa mtsinje anatema. Usiku zinali kukoceza, cifukwa woyendetsa sakanatha kuona njira ya madzi. M'cilimwe madzi akaphwera, sitima inali kutitimira pamcenga, ndipo amuna anali kutsikira m'madzi kuikankha ndi kuikoka ndi zingwe.

Kucokera mu Zambezi sitima zinali kulowa mu Shire. Koma m'zaka zoyamba za m'ma 1900 madzi a nyanja ya Malawi anatsika, ndipo Shire nayenso anacepa caka ndi caka. Sitima zimene kale zinali kufika kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa zinayamba kulekezera pa Chiromo, pambuyo pake pa Port Herald, pamene lero ndi pa Nsanje. Ndico cifukwa cake njanji inamangidwa kucokera ku Port Herald kufika ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1908, ndipo mu 1915 inatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Kucokera ku Blantyre ulendo wotsala wopita ku Fort Jameson unali wa amtengatenga, ndipo kalata ya ku Petauke inali kupitirirabe masiku ena kumadzulo. Katundu wolemera wambiri anali kukwera ndi Zambezi kufika ku Tete, kumene amuna anali kumusenza pamutu kufikira ku Fort Jameson.

Njira imeneyi inali ndi mfundo zambiri monga cingwe columikiza. Sitima ya panyanja, kasitima ka pamcenga, sitima ya mumtsinje, wamtengatenga: aliyense anayenera kupeza mnzake ali wokonzeka. Mmodzi akacedwa tsiku limodzi, enawo anali atapita kale, ndipo thumba linali kugona pa doko kudikira ulendo wina.

Njira yaciwiri: Cape Town ndi njanji

Zinthu zinasintha pamene njanji ya kumwera inayandikira. Inafika ku Bulawayo mu 1897 ndi ku mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1904. Mlatho wa pa Zambezi unatha mu 1905, ndipo mu 1906 sitima ya pamtunda inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Pamenepo makalata a ku Ulaya anapeza khomo latsopano, ndipo khomolo linawadutsitsa pakati peni peni pa dziko la Petauke. Imeneyi ndiyo njira imene matumba a mu 1907 anayendamo.

Panyanja, makalata anali m'manja mwa kampani ya Union-Castle Line, imene inapangidwa mu 1900 pamene makampani awiri opikisana, Union Line ndi Castle Line, anaphatikizana motsogozedwa ndi Sir Donald Currie. Sitima zake, monga Walmer Castle, Armadale Castle ndi Kenilworth Castle, zinali zazikulu ndi zaliwiro pa nthawi yake. Loweruka lirilonse imodzi inali kunyamuka pa Southampton, ndi kuima pang'ono pa cisumbu ca Madeira, ndi kufika ku Cape Town patapita masiku pafupifupi 17. Masikuwo analembedwa m'pangano la pakati pa kampani ndi maboma, ndipo woyendetsa sitima anayenera kuwasunga. Tsiku la 3 Ogasiti 1907 linalidi Loweruka.

Tsopano taonani mmene masiku 36 aja anagawikira. Mtunda wa panyanja kucokera ku Southampton kufika ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 11,000, ndipo sitima inautha m'masiku 17. Mtunda wa njanji kucokera ku Cape Town kudzera ku Kimberley, Mafeking, Bulawayo, Livingstone ndi Kalomo kufika ku Broken Hill ndi makilomita oposa 3,200, ndipo sitima ya pamtunda inautha pafupifupi m'sabata imodzi. Pamenepo panatsala makilomita 500 kapena kupitirira pang'ono kufika ku Fort Jameson, ndipo kagawo kakang'ono kameneka kanadya pafupifupi masabata awiri, popeza kanali ka miyendo ya anthu.

Munthu wa pa Fort Jameson akalemba kalata yofunsa kanthu ku London, yankho linali kumfika patapita masiku osacepera 72, ngakhale wolandirayo ayankhe tsiku lomwelo. Kunena kwina, cimanga cobzalidwa tsiku limene kalata inanyamuka cinali citamasula kale pofika yankho.

Zocedwetsa za panyanja

Masiku 17 aja anali a nyanja yofatsa. Sitima pocoka ku England inali kudutsa m'nyanja ya Biscay, yochuka ndi anamondwe, ndipo nkhungu ya pafupi ndi gombe la England inali kuikakamiza kuyenda pang'onopang'ono. Mphamvu yake yonse inali kucokera ku malasha, amene amuna ambiri anali kuponya m'ng'anjo ndi mafosholo usana ndi usiku m'cipinda cotentha ca pansi. Makina akaonongeka pakati pa nyanja, panalibe wina wowakonza koma amisiri a m'sitima momwemo.

Anthu a nchito nawonso anali ndi madandaulo awo. Mu 1911 amalinyero a ku Britain ananyanyala nchito pofuna malipiro abwino, ndipo Southampton linali limodzi la madoko oyamba kukhudzidwa. Mu 1912 okumba malasha a dzikolo ananyanyala kwa masabata angapo, sitima zambiri zinasowa malasha. Mu 1925 amalinyero ananyanyalanso pokana kudulidwa kwa malipiro awo, ndipo sitima za ku Britain zinaima m'madoko a Cape Town ndi Durban kwa masabata ambiri. Munthu wa ku Petauke amene sanaonepo nyanja ya mcere ndi maso ake anali kumva zotsatira za mikangano imeneyi pamene thumba linalephera kufika.

Coopsa koposa cinali nkhondo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, sitima za Ajeremani zinaleka kufika ku madoko a kum'mawa kwa Afirika, ndipo boma la Britain linatenga sitima zambiri zazikulu za Union-Castle, zina kuziika mizinga, zina kunyamula asilikali, zina kuzisandutsa zipatala. Makalata anatsalira sitima zocepa ndi zoyenda mocedwa, zimene zinali kuzemba adani m'njira. Pa 12 Seputembala 1918, sitima ya Galway Castle, ili pa ulendo wopita ku South Africa, inaphulitsidwa ndi sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, ndipo anthu oposa 140 anafa. Pa nthawi yomweyo kwathu kuno amuna zikwi zambiri anali atatengedwa kukasenza zakudya ndi zida za asilikali ku malire a kumpoto, kotero kuti midzi inatsala ndi anthu ocepa amphamvu.

Cinthu cofunika kucimvetsa ndi ici: sitima ya makalata inali imodzi pa sabata. Thumba lopita ku Ulaya likacedwa tsiku limodzi pa doko la Luangwa, linali kuphonya sitima ya pamtunda ku Broken Hill, ndipo potero linaphonyanso sitima ya pamadzi ku Cape Town. Kucedwa kwa tsiku limodzi kunali kubala kucedwa kwa sabata yathunthu. Motero nthawi ya sitima ya ku Southampton ndiyo inali kulamulira mayendedwe a munthu wa ku Luangwa, ngakhale awiriwo sanadziwane.

Miyendo ya anthu akwathu

Wina angafunse kuti, nanga bwanji sanagwiritse nchito ngolo za ng'ombe kapena akavalo monga kumwera? Yankho ndi kashembe. Zigwa za Luangwa, Lukusashi ndi Lunsemfwa zinali zodzaza ndi nchenche imeneyi, imene imapatsira ng'ombe, akavalo ndi abulu matenda akupha. Ciweto cocokera kunja sicinali kukhalitsa m'cigwa. Cotsala cinali mutu, phewa ndi phazi la munthu.

Wonyamula makalata pocoka ku Broken Hill anali kulunjika kum'mawa, kuoloka Lunsemfwa, kutsika mapiri a Muchinga, kudutsa cigwa cotentha, kuoloka Luangwa, ndi kukweranso ku mtunda wa Ansenga asanaone mapiri a Fort Jameson. Kutha makilomita 500 m'masiku 13 ndiko kuyenda makilomita pafupifupi 40 tsiku lirilonse. Inu a ku Nyimba ndi Petauke mudziwa kutalika kwa msewu wa pakati pa matauni anu awiri. Thumba la makalata linali kutha mtunda wotere m'masiku osakwana awiri, popanda phula, popanda mlatho, ndipo m'mawa mwake linali panjira ndithu.

Nyengo iriyonse inali ndi zowawa zake. M'dzinja Luangwa amasefukira ndi kudzaza madambo, ndipo timitsinje touma m'cilimwe timasanduka mitsinje yokokolola munthu. Pamenepo woolotsa ndi bwato ndiye anali mwini ulendo, ndipo thumba linayenera kusungidwa kuti lisanyowe ngakhale mwini wake anyowe. M'madzimo munali ng'ona ndi mvuu. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala nthaka ya m'cigwa imaocha mapazi, madzi akumwa amasowa, ndipo nyama zonse zimasonkhana pa zitsime zocepa zotsala, mikango ikuzitsata pambuyo. Njira za anthu nazo zimatsata madzi omwewo. Nkosadabwitsa kuti amuna a mu 1907 anakumana ndi zirombo m'nyengo imeneyo. Kuonjezera apo, ca m'ma 1910 madokotala anapeza kuti m'cigwa ca Luangwa muli matenda a kaodzera, ndipo pofika 1912 anatsimikiza kuti kashembe yemweyo ndiye amawapatsira kwa anthu.

Onyamula makalata a Boma anali kudziwika ndi zovala zawo zofiira, zooneka patali. Kalata imodzi yofulumira inali kupanidwa pa kamtengo kong'alula kumutu, ndipo mthenga anali kukanyamula m'manja kuti pepala lisade ndi thukuta. Ambiri analowa nchito ya mtengatenga cifukwa ca msonkho wa nyumba, umene kampani inayamba kukhometsa mu North-Eastern Rhodesia mu 1901 pa masheleni atatu. M'midzi ndalama zinali zosowa, ndipo kusenza katundu inali imodzi ya njira zocepa zopezera masheleniwo popanda kupita kutali ku migodi.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Ulendo wa thumba unali kudalira mudzi uliwonse wa m'njira: amai amene anaphika nsima ya alendo ofika usiku, nyakwawa imene inapereka malo ogona, mwini bwato wa pa doko, ndi amuna amene anali kulambula njira mvula ikatha. Mudzi wa Mlilo umene unalandira amuna othawa mikango unacita zimene midzi yambiri inali kucita popanda kulembedwa m'buku lirilonse.

Amene anali kudikira

Oyamba kudikira thumba anali azungu a pa Boma, alimi a fodya ndi thonje a kufupi ndi Fort Jameson, ndi amishoni. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr ku dera la Nyimba mu 1914. Mpingo wa Anglican unakhazikika pa Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu anagwira nchito kufikira imfa yake mu 1913, ndipo Akatolika anatsegula Minga m'zaka za m'ma 1920. Malo onsewa anali kudalira makalata pa ndalama zoyendetsera nchito, pa mabuku a sukulu ndi pa maoda a mankhwala. Kucedwa kwa sitima kunali kufika mpaka kwa mwana wa sukulu wosowa buku ndi kwa wodwala wa pa mishoni. Amwenye amalonda, amene anayamba kufika pa Fort Jameson ca m'ma 1905, nawonso anali kuyembekeza makalata a abale awo oolokera pa nyanja ya India.

Koma tisaganize kuti matumbawo anali a alendo okha. Cidziwitso ca mu 1907 cinachulanso makalata ocokera ku Salisbury ndi Bulawayo pakati pa oonongeka. Amenewo ndiwo malo kumene anyamata a Cinsenga, Cicewa ndi Cingoni anali kupita kukafuna nchito. Ambiri a ku Petauke anali kutsika ndi Luangwa, kuoloka Zambezi pa Feira, ndi kuyenda pansi kufika ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia, kumene iwo anali kungoti ku Halale. Masukulu a mishoni atacuruka, odziwa kulemba anacurukanso, ndipo kalata inakhala cingwe comanga wa kunchito ndi a kumudzi. Wosadziwa kulemba anali kupempha mnzake wa m'komboni kuti amlembere, ndipo kumudzi mphunzitsi ndiye anali kuwerengera banja lonse litakhala pansi.

M'makalata otere munali nkhani za moyo weniweni: ndalama ya msonkho, nsalu ya amai, uthenga wa maliro, mbiri ya mwana wobadwa, funso la ukwati. Popeza makalata a kumwera anali kukwera sitima ya pamtunda ndi kulowa m'manja mwa amtengatenga pamodzi ndi a ku Ulaya, cocedwetsa awo cinali kucedwetsanso awa. Ndipo kumudzi kukhala cete kwa munthu kunali ndi tanthauzo lolemera. Mwamuna amene miyezi inapita osamveka anali kuyamba kuchedwa mchona, mkazi wake nayamba kufunsidwa mafunso ndi abale. Thumba limodzi lotayika m'thengo likanatha kuutsa mlandu m'banja limene linalibe colakwa.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 kufika 1945, anthu a m'midzi yathu anadziwa okha kuwawa kwa kudikira kalata yoolokadi nyanja. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anatumizidwa ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ndipo makolo ambiri a ku Eastern Province anali kutsegulira maso ku Boma kuyembekeza pepala lonena kuti mwana wawo ali moyo.

Kutha kwa nyengo imeneyo

Doko la Chinde linagwa m'caka cimodzi. Mu Febuluwale 1922 mphepo ya mkuntho inaononga tauniyo ndi kumiza sitima zambiri za mumtsinje, ndipo m'caka comweco njanji yocokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi. Mlatho waukulu wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, sitima ya pamtunda inayamba kuyenda kucokera ku Beira kufika ku Nyasaland popanda kuolotsa katundu pamadzi.

Kwathu kuno, maiko awiri a North-Eastern ndi North-Western Rhodesia anaphatikizidwa mu 1911, ndipo Fort Jameson inaleka kukhala likulu la dziko. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 msewu wa Great East Road unalambulidwa kucokera ku Lusaka kudzera ku Kacholola ndi Nyimba, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mlatho woyamba unamangidwa pa Luangwa ndi ndalama za Beit Trust. Mlatho wamakono unatsegulidwa mu 1968, dziko litalandira kale ufulu. Galimoto inatenga thumba pa phewa la munthu, ngakhale kuti m'njira zopita ku midzi ya kutali wapansi ndi wanjinga anapitirizabe kwa zaka zambiri.

M'mwamba namo munatseguka njira. Mu Januwale 1932 ndege za Imperial Airways zinayamba kunyamula makalata kucokera ku London kupita ku Cape Town, zikutera pa Mpika ndi Broken Hill. Sitima za Union-Castle zinayesetsa kufulumira: pofika 1938 ulendo wa ku Cape Town unatsika kufika pa masiku 14, ndipo mu 1965 unatsikanso kufika pa masiku 11 ndi theka. Koma ndege inapambana, ndipo mu 1977 sitima yotsiriza ya makalata inamaliza ulendo wake. M'dziko lathu nchito ya makalata ndi malamya inaperekedwa ku bungwe la Posts and Telecommunications Corporation mu 1975, ndipo mu 1994 bungwelo linagawidwa pawiri, kukhala Zampost ndi Zamtel.

Lero mai wa kwa Mfumu Ndake kapena kwa Mfumu Kalindawalo amalankhula ndi mwana wake wa ku London pa foni ya m'manja, ndipo ndalama zocokera ku Lusaka zimamfika asanatsirize kupatsa moni. Basi yocoka ku Lusaka m'mawa imadutsa pa Nyimba dzuwa lisanapendeke kwambiri. Ana athu sangathe kuganiza kuti mau a munthu anali kutenga masiku 36 panjira.

Maina amene sanalembedwe

Maina a sitima zimene zinanyamula makalata alipo m'mabuku, pamodzi ndi maina a eni ake ndi masiku a maulendo ake. Cidziwitso ca mu 1907 cinachula doko, cinachula matauni, cinachula mudzi ndi masiku, koma amuna amene anayang'anana ndi mikango cinangowacha onyamula. Iwo ndiwo anasenza gawo loopsa koposa la ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 15,000, ndipo popanda iwo liwiro lonse la sitima za ku Southampton likanathera pa siteshoni ya Broken Hill.

Amunawo anali ndi midzi, mitundu ndi ana, ndipo zidzukulu zawo zili pakati pathu m'maboma a Petauke ndi Nyimba. M'mabanja ambiri mukali nkhalamba zimene zinamva kwa ambuye awo za ulendo wa ku Broken Hill, za madoko oolokera pa Luangwa ndi za midzi yogonamo. Tikupempha aphunzitsi, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo kuti akhale pansi ndi nkhalamba zimenezi pamene zikali ndi moyo, alembe maina a onyamula makalata, midzi yawo ndi njira zimene anayendamo, ndipo asunge zolembazo m'masukulu ndi ku mabwalo a mafumu. Madzi akatayika saoleka. Ana a sukulu amene amaphunzira za Cecil Rhodes ndi njanji yake ayeneranso kudziwa dzina la munthu wa m'mudzi mwawo amene anafikitsa kalata kumene njanjiyo inalephera kufika.